Wosenza Udzu pa Njira ya kwa Matanda

Rafael ananyamuka mochedwa mwadala, ngakhale mukanamufunsa akanalumbira kuti magalimoto ndiwo anamuchedwetsa. Chapa, minibasi ya kumeneko, imene anakwera ku Cuamba inamutsitsa ku Mandimba dzuwa lili paliwombo, ndipo zina zopita cha ku Ngauma zinali ndandanda, oitanira anthu akuchita kulimbirana chikwama chake. Iye anazikana zonse. Ina anati yadzaza mopitirira, ina anati matayala ake ndi akutha, ina anati woyendetsa wake maso ali psuu, ayenera kuti walawa. Rafael ameneyu, kunena mnzake za maso ofiira! Zoona zake n'zakuti sankafuna kulowa m'mudzi wa kwa Matanda kukuwala, amayi atadzaza pamjigo, wina n'kugunda mnzake ndi chigongono kuti taonani, si uja anathawa uyu?

Zaka khumi ndi chimodzi zinali zitadutsa chichokereni kumudziko. Anachoka ndi mabelo atatu a fodya amene analima ndi mkazi wake Dailes, atalonjeza kuti abwera ndi malata ofolera nyumba. Fodyayo anagulitsadi. Koma malatawo anathera m'mabaraka a mowa a ku Mandimba, otsala anakathera ku Entre Lagos, mpaka mwiniwake anakatulukira ku Cuamba alibe ngakhale nsapato kuphazi. Manyazi anamuletsa kubwerera, ndipo mowa unamuthandiza kuiwala manyaziwo tsiku ndi tsiku, mokhulupirika kuposa mnzake aliyense.

Anausiya zaka ziwiri zapitazo, tsiku limene anadzuka m'ngalande pafupi ndi njanji, mimba itatupa, namwino n'kumuuza mosapsatira kuti chiwindi chake chatopa naye. Anapeza ntchito yokanda ufa wa buledi pa padariya ina. Ludzu lija silinathe ayi, linangophunzira kudikira, ndipo likamugwira pakhosi ankatafuna mtedza wouma mpaka nsagwada kuwawa. Chovuta chinali chakuti mutu utayera, zonse zimene mowa unkaphimba zinabwera poyera. Akangotseka maso ankaona Judite, mwana wake wa zaka zisanu, akumuthamangira mpaka kumtsinje tsiku lochoka lija, iye akumubweza ndi kamtengo. Ankaona Dailes ataima pakhomo, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Mwana wa pakati pamenepo sankamudziwa dzina, kaya anali mwamuna kaya mkazi. Zinkamuwawa kwambiri, ndipo ankadziwa kuti n'zomuyenera.

Chimodzi chokha ndicho chinkamulimbitsa mtima: iye anali asanamusudzule Dailes. Kwawoko, mwamuna akapanda kuima pamaso pa ankhoswe, akuluakulu oyang'anira banjalo, n'kunena ndi pakamwa pake kuti mkaziyu ndamumasula, mkaziyo amakhalabe wake, kaya papite zaka zingati. Ndiye Rafael ankapita kukapepesa kuti amulandirenso m'nyumba. Mawu okapepesera anali atawakonza kwa zaka ziwiri, akuwabwereza pamene ankakanda ufa, mpaka anzake a pantchito ankaganiza kuti akupemphera.

Dzuwa litalowa, zifukwa zitamuthera, anakwera lole yonyamula feteleza. Woyendetsa wake, Faizali, anali Myao wolankhulalankhula amene sankatha kukhala ndi munthu osamufufuza.

"Shefi, kwa Matanda usiku uno? Kuli abale?"

"Mkazi ndi ana."

"Ndiye imbani telefoni akuchingamireni pamphambano. Njira ija ndi yaitali, komanso kwagwa mvula."

"Nambala yawo ndilibe."

Faizali anamuyang'ana cham'mbali, kenako anayang'ana chikwama, kenako nsapato. "Mwamuna wopanda nambala ya mkazi wake," anatero, akupukusa mutu. "Munali kundende kapena?"

"Ayi."

"Kujoni?"

"Ku Cuamba konkuno."

"Ku Cuamba! Pamene ine ndimapita n'kubwera tsiku limodzi?" Anaseka pang'ono, koma kusekako kunathera panjira. Kuyambira pamenepo sanafunsenso kanthu, ndipo Rafael anaona kuti telefoni imene inali pampando pakati pawo yalowa m'thumba la malaya a Faizali.

Anamutsitsa pamphambano ya kwa Matanda anthu atadya kale, nyali zitazima m'nyumba zambiri. Unali mwezi wa Januwale. Mvula inali itakata masana koma mitambo inali isanachoke, moti mwezi unkangosuzumira n'kubisalanso. Chimanga chinali chofika m'mapewa mbali zonse ziwiri za njira, achule akusokosera m'madambo. Anakoleka chikwama paphewa n'kuyamba ulendo wa maola awiri.

Atayenda ndithu, mphuno zinayamba kumuuza nkhani. Fungo la kachasu wongotcheza kumene! Kumanzere kunali kanjira kolowera m'nthochi, ndipo kumapeto kwake kunkaoneka kamoto, wailesi ikulira chapansipansi, amuna akuseka kuseka kwaulesi kumene iye ankakudziwa bwino. Miyendo inaima yokha. Anapisa m'thumba, mtedza unali utatha. Mtima unayamba kumunong'oneza mwaulemu kuti kapu imodzi yokha si mowa, ndi mankhwala a mantha. Munthu ungakaime bwanji pamaso pa mkazi amene unamusiya, pakamwa pali gwa? Phazi limodzi linali litaponda kale m'kanjirako.

"Kumeneko ayi, bambo a Judite."

Rafael anadumpha, chikwama n'kugwa pansi. Anacheuka...

Pakati pa njira, mapazi khumi kumbuyo kwake, panali munthu ataima. Pamutu anali atasenza mtolo waukulu wa udzu wofolera, wautali moti nsonga zake zinkalendewera kutsogolo n'kuphimba nkhope yonse. Zooneka zinali malaya oyererako, manja awiri atagwira mtolowo, ndi miyendo yopanda nsapato.

"Ndinu ndani inu?" anafunsa Rafael, mawu akutuluka aang'ono.

"Tiyeni. Udzuwu ukulemera."

Chinyanja chake chinali cha munthu amene anayamwa Chimakhuwa, wa cha ku Etatara kapena kupitirira. Sanadikire yankho. Anamudutsa n'kutsogola, udzu ukuchita tswa tswa pamutu.

Rafael anatola chikwama n'kuchikumbatira pamimba. Munali nsalu ziwiri zatsopano, shuga, sopo, ndi nsapato za mtsikana zimene anangoyerekeza kukula kwake. Wakuba uyu, anaganiza choncho, anzake abisala m'chimangamu. Koma wakuba wanji wodzisenzetsa katundu asanabe? Komanso udzu wofolera mu Januwale! Aliyense amadziwa kuti udzu amamweta m'chilimwe, utauma, mvula isanaganize n'komwe zobwera. Nanga dzina la Judite analitenga kuti? Ku Cuamba kunalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti Rafael anaberekapo mwana.

Mwina alamu anga ndiwo amutuma, anaganizanso. Wina wandiona ndikuzungulirazungulira ku Mandimba, wawaimbira, ndiye akufuna andithidzimule ndisanaponde pabwalo. Anawerama ngati akukonza nsapato, n'kutola mwala wodzaza dzanja. Zobwerera anaziganiza, koma kubwerera kunali kudutsanso pakamoto kaja, ndipo ankadziwa kuti akakhala pansi kumeneko sadzafikanso kwa Matanda moyo wake wonse. Anamutsatira munthuyo, koma motalikira.

Anayenda osalankhulana mpaka anadutsa zigafa za fodya zimene zinali zisanapachikidwe kanthu. Rafael anaona kuti akachepetsa liwiro, winayo ankachepetsanso, osacheuka. Akafulumira, ankafulumiranso. Anayesa kuima ndithu, ngati akufuna kutaya madzi. Udzu unasiya kulira. Atasuntha phazi, unayambanso.

"Achimwene," anayesa Rafael, "udzu usiku uno ngwa chiyani?"

"Denga likudontha. Mbali imene amagona ana."

"Ana a yani?"

"Anu."

Mwala uja unaterera m'dzanja, unatsala pang'ono kugwa.

"Wachiwiriyo ndi mtsikana," munthuyo anapitiriza, mawu ake osakwera osatsika. "Esinati. Amaopa mabingu. Kukamagunda muzimugwira khutu lamanzere, amagona."

Esinati! Rafael analitchula dzinalo kawiri chamumtima, m'maso n'kutentha. Koma chisoni chisanakhazikike, chinthu china chinadzuka m'chifuwa, chowawa ngati ndulu. Mwamuna uyu wadziwa bwanji mbali imene amagona ana? Khutu la mwana usiku wa mabingu amaligwira ali kuti? Munthu wongodutsa sadziwa zimenezo. Amadziwa ndi wogona m'nyumbamo.

Ndiye nkhani yake ndi imeneyo! Dailes ali ndi mwamuna, ndipo mwamunayo wamva kuti mwini nyumba akubwera, wadzamuchingamira kutali kumene kulibe mboni. Tamuonani Rafael: zaka khumi ndi chimodzi osatumiza ngakhale mchere wa m'kapepala, lero nsanje yamugwira mpaka akukukuta mano. Iyenso ankadziwa kuti n'zochititsa manyazi, koma kudziwako sikunazimitse kanthu. Anafinya mwala uja mpaka unamulasa m'chikhatho.

"Mumagona m'nyumba mwanga inu?"

Tswa... tswa... tswa...

"Ndikufunsa! Mkazi uja sindinamusudzule ine. Mukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa. Palibe akudziwa kuposa ine."

"Ndiye mawa tikaonana kwa ankhoswe."

"Ndinapitako katatu."

Njira inayamba kutsetsereka, phokoso la mtsinje likumveka patsogolo. Unali mtsinje womwe uja anabwezerapo mwana ndi kamtengo. Rafael anafuna kuyang'ana kumbali kuti asaone pamalopo, koma wosenza udzu analankhulanso, osafunsidwa.

"Judite ankabwera pano madzulo kudzakudikirani. Ndinkadzamutenga ndine."

Mawu amenewo anamulasa kuposa mpeni umene ankauyembekezera.

Kale anthu ankawoloka mtsinjewo pamiyala atapinda mabuluku, ndipo nyengo ya mvula ankakhala pagombe kudikira kuti madzi aphwe. Mwezi utatuluka pang'ono, Rafael anadabwa kuona mlatho wa simenti, wa zitsulo zogwirira m'mbali. Kwa Matanda kwatukuka ine kulibe, anatero mumtima. Koma mnzake uja sanalowere kumlatho. Anapatukira kumanja, kutsikira kumalo akale owolokera, kumene njira inali itamera kale bango.

"Mukupita kuti? Mlatho si uwu?"

"Pano palibe mlatho."

"Nanga ichi n'chiyani?"

"Pano palibe mlatho, bambo a Judite. Madzi achuluka, koma ana akunyowa."

Eya, msampha wake ndi umenewu, anaganiza Rafael. Akufuna ndimutsatire kumadziko, andikankhe, mawa anthu adzati chidakwa chija chagwa chokha. Ndani angatsutse? Anathamangira pamlatho n'kuima pakati, atagwira chitsulo. Pansi madzi ankalindima, akukokolola zitsa ndi mapesi. Panalibe munthu akanawoloka pamenepo ndi miyendo. Anatchera khutu kuti amve phokoso la munthu wolowa m'madzi, kapena mfuu...

Zii.

Anayatsa nyali ya patelefoni n'kuunika kumunsi. Bango lokha. Madzi okha.

Anatembenuka kuti amalize mlatho.

Munthu uja anali ataima kale tsidya, pakati pa njira, akumudikira!

Madzi ankachucha m'malaya ake, m'buluku, m'nsonga za udzu. Sankapuma mwawefuwefu. Sankanjenjemera. Rafael anakweza nyali kuti aone nkhope, koma kuwala kunkathera mu udzu. Dzanja linagwa lokha. Mwala uja sanadziwe kuti anautaya nthawi yanji.

"Mukanabwera nawo malata aja," munthuyo anatero, mopanda mkwiyo, "bwenzi ine ndisakusenza izi."

Ananyamukanso. Rafael anatsatira, nanga akanalowera kuti? Achule anali atasiya kulira. Agalu a tsidya limeneli ankadziwika ndi kuuwa aliyense wodutsa usiku, koma anangomva mmodzi akulira chapansipansi, kenako chete. Anayesa pemphero limene anaphunzira ku Cuamba. Linasokonekera pakati.

Anaunika pansi, m'matope a njira. Kumbuyo, nsapato zake zinali zitadinda bwinobwino. Kutsogolo, kumene winayo ankaponda... madontho a madzi basi.

Mitengo ya kumanda inatulukira kumanzere, italiitali, ili bii, monga anaisiyira. Manda a kwa Matanda ali m'kankhalango kosatolamo nkhuni, ndipo onse a m'mudzimo amagona m'katimo, opemphera ndi osapemphera omwe. Koma kunja kwa mitengoyo, m'mphepete mwenimweni mwa njira, panali mtumbira umodzi wokhawokha. Unali wopalira bwino, wopanda mtanda. Umenewo kale kunalibe.

Munthu uja anaima pomwepo.

"Ine ndimathera pano."

Rafael anayang'ana mtumbirawo, kenako munthuyo.

"Kupitirira apa sanandilole. Landirani, mukapereke."

Sanaone mmene zinachitikira. Anangomva kulemera pamutu, madzi ozizira akutsikira m'khosi mpaka kumsana. Manja anagwira mtolo okha.

"Pali mawu amene muli nawo m'kamwa mwanu." Tsopano zinamveka pafupi ndi khutu. "Ndi amene ndikudikira."

Rafael anasuzumira pansi pa udzu. Kumanja, palibe. Kumanzere, palibe. Njira yokha, ndi mtumbira uja!

Anathamanga. Mmene anathamangira ndi mtolo pamutu, chikwama chikumumenya m'nthiti, iye mwini sakudziwa mpaka lero. Zoutaya sanayerekeze n'komwe. Anadutsa mjigo, anadutsa tchalitchi, miyendo ikukumbuka yokha njira, mpaka anakagwa chogwada pakhonde la nyumba imene anaisiya. Inali yomwe ija, yaudzu, denga litapendekera mbali imodzi, pepala lakuda la pulasitiki litatsamizidwa ndi njerwa pamwamba.

"Odi... odi kuno!"

M'nyumbamo munamveka kusuntha. "Ndani usiku uno?"

Anali mawu a Dailes. Anali atakhwimirako, koma anali omwewo.

"Ndine... ndine Rafael."

Kenako chitseko chinatseguka pang'ono, nyali n'kumuwalira kumaso. Dailes anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope ili gwa. Kumbuyo kwake kunaima mtsikana wamtali, wa mphumi ngati ya Rafael yemweyo. Anali Judite.

"Mwamwa?" Limenelo ndilo linali funso loyamba.

"Ayi. Zaka ziwiri tsopano."

"Nanga mukunjenjemera chiyani?"

"Mwamuna wanu," anatero Rafael, mpweya ukumuthera. "Ndakumana naye panjira. Wandipatsa ichi kuti ndipereke."

Nyali inatsikira pamtolo umene unali utagwa pakhondepo. Udzuwo unali wakuda, wowola, wonunkha matope a pansi pa mtsinje. Unali womangidwa malo atatu, m'mbalimu ndi luzi, pakati ndi kansalu kobiriwira kong'ambidwa kunsalu ya mkazi.

Judite ndiye anayamba kulankhula, monong'ona. "Amayi... udzu wa ababa."

Ababa. Sankanena Rafael ayi.

Dailes anakhala pansi pakhomo pomwepo. Anagwira kansalu kaja ndi zala ziwiri. "Ndinang'amba ndine," anatero. "Ndinamupatsa kuti akapange nkhata."

"Munamupatsa yani?"

"Jossias. Wa ku Etatara. Anabwera kudzagwira ganyu ya fodya inu mutatha zaka zitatu osamveka. Esinati ankadwaladwala, ine ndilibe pogwira. Anatilimira, anatimangira nkhokwe, ana awa anawalera ndi iyeyo. Zaka zinayi tinakhala."

"Ndiye bwanji wathera panjira? Akuopa ine?"

Dailes anasiya kansalu kaja n'kumuyang'ana.

"A Rafael, Jossias anamwalira. Mwezi uno zakwana zaka zinayi. Denga linkadontha pamene ankagona ana, iye n'kupita tsidya kukapempha udzu wotsala kwa anthu. Pobwerera anapeza mtsinje utadzaza. Tinamupeza patatha masiku awiri, atakodwa m'bango. Udzu sitinaupeze. Mlatho uja anamanga chaka chotsatira."

Thupi lonse la Rafael linachita tsembwe.

"Mtumbira... wa panja uja..."

"Ndi wake." Mawu a Dailes anayamba kulimba. "Katatu anapita kwa ankhoswe kuti atimangire banja. Katatu anamubweza, amvekere mkaziyu ngwa Rafael, sanasudzulidwe. Kutchalitchi anatiimitsa mgonero. Anakufunani ku Mandimba, anakufunani ku Entre Lagos, kuti mudzangonena mawu aja basi, muzipita. Ena ankati munafa, koma mtembo wanu palibe anauona. Atamwalira, akuluakulu anati m'manda mwathu sangalowe, si mkamwini wa mudzi uno, ndi mlendo wongogona. Ine anandiletsa kumulira ngati mkazi wake. Pamphasa ya anamfedwa anandichotsapo. Tsiku lometa, ena onse anameta, ine anandibweza, ati mkazi wa munthu wamoyo sameta maliro a mwamuna wina."

Anakweza manja n'kumasula mpango kumutu.

Tsitsi linagwera m'mapewa, lalitali, lopotana zingwezingwe, imvi zitalowerera. Linali lisanaone lumo kapena chipeso chiyambire tsiku limenelo.

"Ndinalumbira kuti ndidzameta tsiku limene adzandilole kumetera iyeyo."

Rafael anayang'ana tsitsilo. Anayang'ana Judite, amene ankamuyang'ana monga munthu amayang'anira mlendo wofika nthawi yolakwika. M'kati mwa nyumba kamtsikana kena kanali katadzuka, kakufunsa mwatulo kuti kwabwera ndani. Mawu aja anawakonza zaka ziwiri anali pakhosi, okonzeka: ndinalakwa, ndasintha, ndilandireni. Mwambo unalinso kumbali yake. Akanangoti ndabwera kunyumba kwanga, ankhoswe akanamuyalira mphasa, Dailes n'kusowa chonena. Ndipo nyumba imeneyo ankaifuna. Ankaifuna ndi mtima wake wonse, pakuti kwina kopita kunalibe, kupatula kachipinda ka kuseri kwa padariya.

Anakweza maso n'kuyang'ana Dailes.

"Kukacha mutume munthu kwa ankhoswe," anatero. "A mbali zonse ziwiri."

"Kuti mukanene chiyani?" Dailes anafunsa mokayikira, dzanja litagwira kale chitseko.

"Zimene ndinayenera kunena kalekale. Koma inu mumve lero, musadikire mawa." Anagwada bwinobwino, manja pamawondo. "Dailes, ndakumasulani. Sindinu mkazi wanga. Mwamuna wanu anali Jossias."

Dailes anasiya chitseko chija. Anapuma kamodzi, mozama...

Kenako anakuwa.

Inali mfuu ya maliro, ija imadzutsa mudzi wonse, itachedwa ndi zaka zinayi. "Mayo ine! Mwamuna wanga ine! Jossias iwe, wandisiya ndi yani!" Judite anamukumbatira n'kuyamba naye limodzi. Zitseko zinayamba kutseguka uku ndi uku, nyali zikubwera m'tinjira, amayi akumanga nsalu chothamanga, amuna akufunsana mumdima.

Mkulu wina amene anafika poyamba, ndodo ili m'manja, anaunika munthu wogwada pakhondeyo koma sanamuzindikire.

"Bambo, kwagwanji pano? Wamwalira ndani?"

Rafael anapukuta kumaso ndi dzanja lamatope.

"Mwini nyumba ino," anatero.